Nyama Zikatuluka: Gule wa Zidole wa Abozo ndi Abamana m'Mbali mwa Mtsinje wa Niger

M'midzi ya m'chigawo cha Ségou, pakatikati pa dziko la Mali, muli mwambo umene eni ake amautcha sogo bò. M'chinenero cha Abamana mawu akuti sogo amatanthauza nyama, ndipo monga zilili m'Chichewa, mawu amodzi omwewo amanena nyama yoyenda m'tchire ndiponso nyama ya ndiwo, pamene bò ndiye kutuluka. Dzina lonse likunena kuti nyama zatuluka. Zimene zimatulukazo ndi zimphona zomangidwa ndi mitengo, zofundikidwa ndi nsalu kapena udzu, zokhala ndi mitu yosema ya njati, fisi, mvuu, ng'ona ndi mbalame, ndipo m'kati mwake mumabisala anyamata amene amazinyamula ndi kuzivinitsa. Pamsana pa zina mwa izo pamatuluka tizidole ta anthu, toyendetsedwa ndi ndodo ndi zingwe, kotero kuti chilombo chimodzi chomwecho chimakhala wovina komanso bwalo loyenda limene tizidoleto timaseweramo.

Mwambowu ndi wa mitundu ingapo imene moyo wake unalukanalukana chifukwa cha mtsinje wa Niger, umene anthu a kumeneko amautcha Joliba. Abozo ndi asodzi kuyambira makolo, ndipo anansi awo amawalemekeza ngati eni madzi. Asomono nawo ndi asodzi ndi opalasa mabwato. Abamana, amene mabuku ambiri amawatcha Bambara, ndi alimi a mchewere ndi mapira, ndipo ndiwo mtundu waukulu koposa m'Mali, pamene Amarka anatchuka ndi malonda. Chochititsa chidwi n'chakuti alimiwo, ngakhale kuti ndiwo ambiri ndipo ndiwo anautchukitsa mwambowu, sakana kuti anauona kwa asodzi. Nthano imene imakambidwa m'deralo imati msodzi wina wa Chibozo, Toboji Centa, anatengedwa ndi tizimizimu ta m'thengo totchedwa wokulo, ndipo ali kumeneko anaphunzitsidwa kupanga ndi kuvinitsa zidole. Atabwerera kwawo anapita kwa osula zitsulo nawauza zoti aseme. Nthanoyi ikuika poyera zinthu zimene zikuonekabe pabwalo mpaka lero: luso linachokera kuthengo, woyamba kulilandira anali msodzi, koma manja osema ndi a wosula.

Mbiri yolembedwa nayo ili ndi pogwira. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco amene anakhala ku likulu la ufumu wakale wa Mali mu 1352 ndi 1353, analemba kuti anaona alakatuli akuima pamaso pa mfumu ya ufumuwo, Mansa Sulayman, atavala nthenga ndi mitu yamtengo yooneka ngati ya mbalame. Amenewo sanali sogo bò monga tikumudziwira lero, koma akusonyeza kuti kulankhula kwa anthu kudzera m'thupi la nyama n'kwakale m'dera limenelo. Umboni wolunjika unadza mu 1878, pamene Mfalansa wina, Paul Soleillet, anafotokoza sewero limene anaona kufupi ndi Ségou: kanyumba ka nsalu kokhala ndi mutu wa mbalame ya khosi lalitali, ndi tizidole totumphukira pamwamba pake. Mary Jo Arnoldi, katswiri wa chikhalidwe amene anafufuza mwambowu kwa zaka zambiri nafalitsa buku lake mu 1995, anapeza kuti midzi ya alimi inayamba kuutenga mwamphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Munthu sangamvetse gule ameneyu asanamvetse bungwe limene limamusunga. M'mudzi uliwonse, kapena m'limana lililonse la mudzi waukulu, muli bungwe la achinyamata lotchedwa kamalen ton. Mnyamata amalowamo akangosinkhuka ndipo amakhalamo mpaka atafika zaka za m'ma 30 kapena 40, pamene atsikana amakhalamo kufikira atakwatiwa. Bungweli si la zovina zokha. Nthawi ya dzinja limalima m'minda ya anthu mogwirizana, mofanana ndi dima, ndipo malipiro ake, kaya ndi ndalama, mbewu kapena chiweto, amasungidwa kuti adzagulire nsalu, utoto ndi chakudya cha pachikondwerero. Limakonza misewu ndi kuthandiza pa ntchito za mudzi, lili ndi atsogoleri ake, malamulo ake ndi zindapusa zake. Mphamvu ya mabungwe oterewa si yochepa, pakuti ufumu wa Ségou weniweniwo unaphuka mwa iwo: Mamari Coulibaly, wodziwika ndi dzina lakuti Biton, anali mtsogoleri wa ton, bungwe lotereli, ndipo cha m'ma 1712 anasandutsa anzake a m'bungwe kukhala gulu lankhondo limene linamanga ufumu, Asomono akuwolotsa ankhondo ake pamtsinje. Ufumuwo unagwa m'manja mwa mtsogoleri wankhondo wa Chisilamu, El Hadj Umar Tall, mu 1861, Afalansa analanda Ségou mu 1890, koma ton wa m'midzi sanafe.

Apa m'pamene wowerenga amene anakulira pafupi ndi Gule Wamkulu ayenera kusamala. Akaona chithunzi cha chilombo cha udzu cha ku Mali, maganizo ake athamangira kwa kasiyamaliro kapena chimkoko, ndipo sakulakwa, popeza kamangidwe kake n'kofananadi: mafupa a mitengo, chofunda cha zomera, ndi anthu obisika m'kati. Kufananako sikufika patali. Gule Wamkulu ndi wa Nyau, amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga mfumu, ndipo zilombo zake zimaimira mizimu. Abamana nawo ali ndi magulu achinsinsi oopedwa, monga Komo, amene chigoba chake sichionedwa ndi akazi kapena osalowa. Koma sogo bò sali m'gulu limenelo. Eni ake amamutcha tulon, kutanthauza masewera, ndipo amachitikira poyera kuti mudzi wonse ndi alendo omwe aone. Chinsinsi chilipo ndithu, chifukwa zilombozo zimamangidwa kumalo otchingidwa kumene akazi, ana ndi anthu a midzi ina saloledwa, ndipo m'madera ena, monga ku Markala, anyamata amayamba alangizidwa m'nkhalango yopatulika ya m'mbali mwa mtsinje, nsembe n'kuthiridwa, asanaloledwe kuvina. Komabe dzina lakuti masewera ndi limene lapatsa mwambowu ufulu umene magulu oopedwa aja alibe, ufulu wosintha, woseka, ndi wonena zinthu zimene wamng'ono sangazinene pamaso pa akulu.

Ine ndikuona kuti mtima wa nkhani yonse uli pamenepo. M'mudzi wa Abamana mawu ndi a akuluakulu. Mnyamata amalima munda wa banja, amayembekezera atate ake ndi abale awo kuti amupezere mkazi, ndipo pabwalo la milandu amakhala kumbuyo. Koma masiku ochepa pachaka bwalo limakhala lake. Akuluakulu amakhala pansi ngati oonerera ndi oweruza, ndipo achinyamata, atabisala m'mimba mwa njati ndi fisi, amauza mudzi wonse mmene akuuonera.

Ntchito imayamba miyezi ingapo chikondwerero chisanafike. Mitu ndi tizidole amazisema ndi osula, amene m'Chibamana amatchedwa numu. Awa ndi mabanja apadera amene amakwatirana okhaokha, amuna akusula makasu ndi kusema mitengo, akazi akuumba mbiya. Anyamata a bungwe amapita kwa wosula ndi maganizo awo, nthawi zina kwa wosula wa kutali kuti anansi asamve, ndipo akalandira chosemacho amachipaka okha utoto. Masiku ano amakonda utoto wogula wowala kwambiri, wofiira, wachikasu, wobiriwira ndi wamtambo, ndipo ena amakhomerera tizitsulo topyapyala ndi timagalasi kuti mutuwo uzinyezimira. Mitu imasungidwa chaka ndi chaka ndi kupakidwanso, koma thupi limamangidwa mwatsopano. Amapinda timitengo tofewa n'kupanga chimango chonga cha kanyumba kotalika, kokwanira munthu mmodzi, awiri kapena atatu, n'kuchifundika mpaka pansi kuti mapazi asaoneke. Zilombo zakale kwambiri zinali za udzu, ndipo udzuwo uli ndi tanthauzo, chifukwa umakumbutsa thengo kumene nyama zimachokera. Nsalu zinabwera pambuyo, ndipo zinabweretsa kunyada kwina, popeza chilombo chovala nsalu zambiri zokongola chimaonetsa kuti bungwe lake linalimadi.

Alimi amatulutsa nyama zawo mvula ikamayandikira, cha mu Juni, kapena pamene mbewu zacha, cha mu Okutobala, pamene asodzi amatsata nyengo ya madzi ndi ya usodzi wa pamodzi. Chikondwerero chimatha kutenga masiku angapo, usana ndi usiku. Anthu amakhala mozungulira bwalo, oimba ng'oma mbali ina, akazi oimba nyimbo pafupi nawo akuomba m'manja ndi kugwedeza zikho zomangiriridwa tizigoba ta m'nyanja. Choyamba achinyamata amavina mozungulira motsata misinkhu yawo, kenaka ng'oma zimasintha, ndipo nyama zimayamba kulowa imodziimodzi. Iliyonse ili ndi kamvekedwe kake ka ng'oma ndi nyimbo yake, imavina kwa mphindi zingapo, n'kutuluka kuti ipatse malo inzake. Usiku umodzi zimatha kutuluka zoposa makumi awiri. Palibe nkhani imodzi yoyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo zidolezo sizilankhula. Tanthauzo limabadwa pamene thupi la chilombo, kavinidwe kake ndi mawu a nyimbo zikumana m'mutu mwa woonerera amene akudziwa miyambi ndi nthano za kwawo.

Tiyeni tiyang'anitsitse chimodzi, njati, imene amaitcha Sigi. Imalowa pang'onopang'ono, ikulemera, mutu wake wa nyanga zazikulu ukugwedezeka uku ndi uku pa ndodo imene mnyamata wa kutsogolo waigwira m'kati. Amene ali m'katimo saona bwino kunja, choncho patsogolo pake pamayenda mnzawo akuliza kabelu kuti awalondolere, ndipo ena amayenda m'mbali kukonza nsalu ikafuna kuvundukuka. Ikafika pakati pa bwalo imaima. Pamenepo pamsana pake pamatumphuka mayi wamng'ono ngati mkono wa munthu, atagwira munsi, nayamba kusinja mu mtondo motsata ng'oma. Pambali pake mlimi akukweza ndi kutsitsa khasu. Kumbuyo wokwera kavalo akudumphadumpha. Mwina msodzi akupalasa bwato. Tizidole timeneti amatitcha maanin, kutanthauza tianthu. M'kati mwa chimangocho muli kutentha, fumbi ndi mdima, ndipo anyamatawo akuyendetsa ndodo ndi zingwe ali chogwada, akumva ng'oma yokha. Ng'oma ikafulumira, tianthu tija timabwerera m'kati, ndipo chinyama chonse chija chimazungulira mwaliwiro lodabwitsa, fumbi koboo, anthu akukuwa ndi kuthamangira kukakweza manja a ovina ndi oimba bwino powayamikira. Chithunzi chimenechi chili ndi nzeru yozama: mudzi wonse, ndi kusinja kwake ndi kulima kwake, wanyamulidwa pamsana pa nyama ya m'thengo.

Abozo amachita zimene alimi sangathe. Zina mwa nyama zawo zimabwera pamadzi. Amamanga chimango pa bwato, oimba ng'oma ndi akazi oimba ali m'mabwato ena pambali, ndipo gulu lonselo limayandama kulunjika kugombe kumene anthu aima. Usiku zidole za nsomba zikuluzikulu, ng'ona ndi mvuu zimatuluka m'madzi mwenimwenimo, zikuyendetsedwa ndi anyamata osambira, zikuwala ndi nyali, kenaka n'kumira. Pakati pawo pamaoneka Faro, mzimu wa madzi umene amati ndiwo mwini mtsinje, wosemedwa ndi nkhope yowala ya mkazi ndi tsitsi lalitali. Nyimbo za asodzi zimatamanda makolo amene anali akatswiri posaka mvuu ndi ng'ona, ndipo banja limene kholo lake latchulidwa limamva kuti ulemu wake wakumbukiridwa pamaso pa onse.

Nyama za pabwalozi sizinasankhidwe mwachisawawa. Anthu a kumeneko amasiyanitsa mudzi, umene ndi malo a malamulo ndi ubale, ndi thengo, limene ndi malo a ngozi komanso gwero la mphamvu, mankhwala ndi nzeru. Mlenje ndiye munthu amene amayenda pakati pa awiriwo, ndipo m'nthano za Amande onse, gulu la mitundu limene Abamana ndi Abozo ali mbali yake, mlenje ndiye ngwazi, woyambitsa midzi ndi maufumu. Mnyamata akavina ngati mkango, njovu kapena chilembwe, akudziyerekeza ndi nyamayo ndiponso ndi mlenje woigonjetsa. Nyimbo ya njovu kapena njati imanena za munthu wamkulu amene kulemera kwake kumamveka m'mudzi. Fisi ndiye wovuta koposa, chifukwa ali ndi nkhope ziwiri: m'nthano ndi wadyera ndi wopanda manyazi, koma ndiyenso wodziwa za usiku, amene amaona zimene ena saona. Choncho fisi wina amatuluka kuti asekedwe, wina kuti aopedwe, ndipo woonerera amadziwa kusiyana kwake pomva nyimbo.

Pali mfundo imene alendo ambiri amaiphonya chifukwa maso awo amakhala pa zosemasema. Amuna ndiwo amamanga ndi kuvinitsa, koma mawu ambiri a pabwalo amatuluka m'kamwa mwa akazi. Popanda woimba wotsogolera ndi gulu lomuyankha, njati ija ndi mtengo ndi nsalu chabe. Iye ndiye amaitana nyama, amaitamanda, amasankha mwambi woti aponyepo, ndipo akhoza kupotoza mawu pang'ono kuti akhudze nkhani imene mudzi wonse ukuidziwa koma palibe akuitchula. Zidole za anthu nazo zimanena zambiri za akazi ndi banja. Yayoroba ndi mkazi wokongola m'thupi ndi m'makhalidwe, amene amaimira chimene mudzi umakhumba. Palinso zidole zonena za mkazi wokondedwa ndi mkazi wonyozedwa pa mitala, za mkamwini, za waulesi ndi za wamiseche. Mavuto a m'nyumba amene sakambidwa masana amaonekera pamenepo, ndipo palibe amene angakwiye poyera, chifukwa onse avomereza kale kuti awa ndi masewera.

Abamana ali ndi mawu awiri amene amathandiza kumvetsa chifukwa chake gule ameneyu sakalamba. Badenya ndi ubale wa ana a bere limodzi, ndipo umaimira chikondi, kumvana ndi kusunga za makolo. Fadenya ndi ubale wa ana a bambo mmodzi koma amayi osiyana, ndipo umaimira mpikisano, kufuna kuposa mnzako ngakhale atate ako amene, kuti dzina lako limveke. Iwo amati mudzi umafuna zonse ziwiri. Pa sogo bò zimaonekera limodzi. Bungwe liyenera kutulutsa nyama zakale zimene agogo awo anavina, apo ayi akulu adzati ana awa ataya mwambo. Koma liyeneranso kutulutsa chinthu chimene sichinaonekepo, choposa cha mudzi woyandikana nawo ndiponso choposa cha msinkhu umene unawatsogolera, apo ayi lidzaiwalika. N'chifukwa chake pabwalo panafika mzungu wolamulira wa nthawi ya atsamunda ndi chipewa chake, panafika njinga zamoto, magalimoto ndi ndege, ndipo dziko litalandira ufulu pa 22 Sepitembala 1960 panabadwa mbalame yotchedwa Mali Kono, mbalame ya Mali, yokondwerera dziko latsopano. Amene amadandaula kuti utoto wa m'sitolo ndi ndege zaononga mwambo sanaumvetse, pakuti kubweretsa zatsopano ndi lamulo la mwambowo kuyambira kale, ndipo chatsopano cha lero chikakondedwa chimasanduka chakale cha zidzukulu.

Dzina lija lakuti masewera lathandizanso pa nkhani ya chipembedzo. Anthu ambiri a m'chigawo cha Ségou lero ndi Asilamu, ndipo Abozo analandira Chisilamu kalekale. M'midzi yambiri magulu achinsinsi a makolo anazilala, koma sogo bò anapitirira, chifukwa munthu amatha kupita kumzikiti ndi kukaonerera nyama popanda kumva kuti wapembedza china. Pali atsogoleri ena achipembedzo amene amatsutsa zosema ndi ng'oma, ndipo pali midzi imene inasiya, koma kwakukulukulu mwambowu unapeza pokhala.

Zoopsa zenizeni zachokera kwina. Chilala cha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chinachepetsa madzi ndi nsomba, nichititsa mabanja ambiri a asodzi kusamuka. Anyamata amapita ku Bamako ndi ku Côte d'Ivoire kukafuna ndalama, ndipo bungwe lopanda anyamata silingalime kapena kunyamula njati, ngakhale kuti ambiri amayesetsa kubwerera kwawo pa nthawi ya chikondwerero atanyamula nsalu ndi maganizo atsopano. Ogula zosemasema anatenga mitu yambiri yakale kupita nayo ku Ulaya ndi ku America, kumene imaima m'nyumba zoonetsera zakale yopanda thupi, yopanda ng'oma, yopanda mayi woiimbira, ndipo woiona kumeneko waona gawo laling'ono kwambiri la chinthucho. Kuyambira 2012 nkhondo imene inayamba kumpoto kwa Mali yafalikira m'zigawo za pakati, alendo achepa, ndipo kusonkhana usiku wonse pabwalo sikulinso kwapafupi m'madera ena.

Pali njira zatsopano zimene mwambowu wadzera. Tauni ya Markala, imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Ségou ndipo imadziwika ndi damu lalikulu limene Afalansa anamaliza kumanga mu 1947, imachititsa chikondwerero cha zigoba ndi zidole chotchedwa FESMAMAS, kumene magulu a midzi yosiyanasiyana amapikisana. Ku Ségou, chikondwerero cha Festival sur le Niger, chimene chinayamba mu 2005, chakhala chikupereka malo kwa zidole za pamadzi. Mu 2014 bungwe la UNESCO linalemba kutuluka kwa zigoba ndi zidole kwa ku Markala m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, kaundula yemweyo amene Gule Wamkulu analowamo mu 2008. Ku Bamako, Yaya Coulibaly, wobadwira m'banja losunga zidole, anayambitsa gulu la Sogolon mu 1980 natengera lusoli m'nyumba za zisudzo, kumene zidole zimatsata nkhani yolembedwa. Mu 2004 gulu lake linagwirizana ndi Handspring Puppet Company ya ku Cape Town pa sewero la Tall Horse, lonena za nyamalikiti amene wolamulira wa Egypt anapereka kwa mfumu ya France, ndipo nyamayo inayenda pansi kuchokera ku Marseille mpaka ku Paris mu 1827.

Zikondwerero ndi zisudzo zoterezi zapatsa osema ndi ovina ndalama ndi ulemu, ndipo zimenezo n'zoyamikika. Koma pamakhala kusiyana pakati pa gulu limene lapatsidwa mphindi zochepa pa pulogalamu pamaso pa anthu osadziwa nyimbo zake, ndi bungwe limene likuvina kwawo usiku wonse pamaso pa akulu amene ananyamulapo njati yomweyo ali anyamata. Kumudziko nkhalamba imadziwa ngati chimango chapendekeka, imadziwa dzina la wosula amene anasema mutuwo, ndipo mayi woimba akatchula kholo la banja lina, anthu a banjalo amaimirira n'kulowa m'bwalo kukamupatsa mphatso nyimbo isanathe.